Nkhodolero yomwe ndinachotsa pa mwala wa apongozi

Sabata ino ndanama, ndipo ndanamizira chinthu chopanda pakamwa.

Mayi anga ondibereka sindinawauze. Anzanga a kukwaya sindinawauze. Ndikuuza inu chifukwa inu simungandiyang'ane m'maso.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pa kashopu kolemba zikwangwani ku Biwi. Kumeneko tili ndi makina aja amati CNC. Ndi tebulo lalikulu, pamwamba pake pali mutu umene umayenda uku ndi uku motsatira zimene wajambula pa kompyuta. Masiku ambiri mutuwo umanyamula chitsulo chozungulira chodulira matabwa. Koma zinthu zopyapyala monga sitika, katoni, chikopa kapena labala, chitsulo chimenecho chimangozitafuna. Ndiye timachimasula, n'kumangapo kampeni, injini yozunguza ija n'kuizimitsa.

Kampeniko sikadziyendera. Kamangokokedwa, nsonga yake ikutsalira pang'ono m'mbuyo ngati katayala ka pansi pa mpando wa mu ofesi. Ukakokera kumanzere, kamatembenukira kumanzere. Pa mzere wowongoka kamadula mpaka kusangalatsa. Vuto lake lili pa ngodya ndi pa tinthu ting'onoting'ono. Pamenepo kamafuna mpata woti katembenuke, ndiye umayenera kuchepetsa liwiro ndi kuuza kompyuta kuti izikakweza pang'ono pa ngodya iliyonse. Ukapanda kutero, kamang'amba.

Zonsezi ndimazidziwa bwino. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ndipo makinawa ndimawagwira tsiku ndi tsiku. Ndikunena izi kuti musandimvere chisoni chimene sindikuyenera.

Ine ndine Mchewa wa ku Mitundu, koma ndinakwatiwa kwa a Ng'oma, anthu a ku Rumphi. Apongozi anga aamuna anatisiya chaka chatha, ndipo banja lakonza zokamanga chiliza kumudzi. Apongozi aakazi, amene tonse timawaitana kuti Amama, amakhala ku Area 25. Si munthu woipa ayi. Kungoti chilowereni m'banjamo akhala akundiyang'ana ngati chitenje chogula kumene: ndi chokongola, koma tiyambe tachichapa tione ngati sichisuluka.

Ndiye taganizani mmene ndinamvera pa msonkhano wa banja pamene Amama anati, "Zolemba pa mwala apange amake Tawonga. Si ntchito yawo imeneyi? Tikasake wina kunja pamene katswiri tili naye m'nyumba?"

Tsiku limenelo ndinafika kunyumba kwathu ku Kawale ndikuimba.

Mawu a pa mwala sitilemba ndi choko. Timayamba tawadula pa chipepala cha labala, n'kuzula zilembozo kuti patsale mabowo. Labalayo amakamumata pa mwala, osema miyala n'kuwombapo mchenga ndi mphepo yamphamvu. Pamene pali bowo, mwala umadyeka. Pamene palibe, pamatsala posalala. Kutanthauza kuti chimene ine sindinadule, pa mwala sichingaoneke.

Tsopano taliyang'anitsitsani dzina lija: Ng'oma. Pakati pa g ndi o pali kachizindikiro kaja kolendewera m'mwamba, kamene aphunzitsi a Chichewa ankati nkhodolero. Kakang'ono ngati njere ya mpunga.

Lolemba, Tawonga, mwana wanga yekhayo amene wangoyamba kuyenda, anadzuka thupi lili lofunda. Ndinamusiya kwa aneba, a Nabanda, mtima uli m'malere. Ku ntchito ndinayala labala pa tebulo, ndinamanga kampeni, n'kuyatsa makina pa liwiro lomwe ndinadulira zilembo zikuluzikulu za golosale ina. Kampeni kanadula N bwinobwino, kanadula g. Katafika pa nkhodolero kanalephera kutembenuka, kanakoka labala, n'kung'amba mpaka m'mimba mwa g.

Mankhwala ake ndinkawadziwa. Kutsitsa liwiro, kukonza za pa ngodya, kuyesa kaye pa chidutswa chotsala. Ntchito yosafuna ngakhale thukuta.

Foni inalira. A Nabanda.

"Amake Tawonga, mwanayu watentha ngati mbaula. Phala akulavula. Bwerani, ine ndikuopa."

Amayi anzanga, mukudziwa zimene mutu umachita ukamva mawu amenewa. Labala wotsala anali wokwanira ulendo umodzi basi. Ndinadziuza kuti, kankhodolero aka ndikachotse pa kompyuta, makina adule zinazo mwachangu, iko ndikadula ndi lezala pamanja. Ndinakafufuta. Sindinaone n'komwe kuti g ndi o zayandikana, mpata watsekeka. Makina anadula, ndinazula zilembo, ndinapinda labala, ndinapatsa wakabaza kuti akasiye kwa osema miyala, ine uyo pa minibasi.

Za lezala zinathera pa siteji.

Ku chipatala anati si malungo, ndi chimfine chabe. Dzuwa lisanalowe mwana anali akuthamangitsa nkhuku za a Nabanda. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ine ndinafika, koma ndinasiya chinthu m'mbuyo.

Mwala unabwera ku Area 25 pakati pa sabata kuti abale auone usananyamuke. Tinasonkhana pakhonde, amuna pa mipando, ife pa mkeka. Anthu anayamikira kuwala kwake, anayamikira vesi la m'munsi. Kenako abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anavala magalasi n'kuwerama. Anakhala chowerama nthawi yaitali.

"Kodi ameneyu ndi ndani?"

Tonse tinayang'anana.

"Ndikufunsatu. Akulu anga anali Ng'oma, yoimba pa gule. Apa mwalemba ngoma, ya nyanga, yodya masamba ku Nyika. Tikaike nyama ya m'tchire pa manda a munthu?"

Mlamu wanga Tiwonge, mchemwali wa amuna anga, anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Wina kumbuyo anatsokomola chitsokomolo chabodza. Amama sanaseke. Anadzuka pang'onopang'ono, anaika chala pakati pa g ndi o, ngati akufufuza chinthu chimene chagwera m'ming'alu. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Amake Tawonga?"

Sanakalipe. Linali funso chabe. Ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Ndi makina, Amama. Tinthu ting'onoting'ono amatidumpha."

Ndinkayembekeza kuti andifunsa zambiri. Ndikanakonda akanatero. M'malo mwake anabwera, anandigwira dzanja pamaso pa anthu onse.

"Ndinadziwa ine. Makina opangidwa kutali angadziwe bwanji dzina lathu? Usadandaule, mwana wanga. Si iwe."

Mwana wanga. Mawu amene ndakhala ndikuwadikira chilowereni m'banja lino, ndinawalandira atakulungidwa m'bodza langa lomwe.

Mu minibasi pobwerera ndinkadzifunsa kuti bodza limeneli ndinaliphunzira kuti, poti linatuluka losalala chonchi. Yankho silinavute. Ndinaliphunzira kwa tonsefe.

Ndi liti pamene munamva munthu wa pa kauntala akunena kuti, "Pepani, ndalakwitsa ndine"? Amati sisitimu yagwa. Wotumiza ndalama pa foni akaphonya nambala, ndi netiweki. Dzina la mwana likalakwika pa pepala la sukulu, ndi kompyuta. Telala akafupikitsa diresi, ndi makina amene akudumpha ulusi. Ngakhale amuna athu akapanda kuyankha foni, ndi batire. Kale munthu akalakwa ankanamizira mwana kapena galu. Lero tapeza wonamizira wabwino koposa, woti sangatsegule pakamwa, sangalire, sangapite kwa ankhoswe.

Ndipo ife omva timavomera msanga. Bwanji? Mwina chifukwa ambiri makinawa sitiwadziwa, ndiye timaopa kufunsa kuti tingaoneke otsalira. Amama sanaonepo CNC. Kwa iwo ndi chinthu chokhala ndi maganizo akeake, chotha kudana ndi dzina la munthu. Ine ndinadziwa kuti sangatsutse, ndipo n'chifukwa chake ndinasankha bodza limenelo. Ichi ndicho chikundiwawa kwambiri. Sindinangonama, ndinabisala kuseri kwa sukulu yanga, pamalo pamene mayi wokalamba sangafike.

Mwinanso timavomera chifukwa n'zopepuka kwa tonse. Makina akalakwa palibe wopepesa, palibe wokhululuka, aliyense amapita kwawo nkhope ili bwino. Koma kodi m'dziko limene mulibe munthu wolakwa, zinthu zingakonzeke bwanji? Ukonza chiyani, poti wolakwayo ndi waya?

Choseketsa n'chakuti pa zinthu zonse za mu shopu muja, ndinasankha kunamizira kampeni. Chinthu chopanda injini, chimene sichingakhote chokha ngakhale pang'ono pokhapokha wina atachikoka.

Bodza lili ndi miyendo yaitali kuposa mwini wake. M'mawa mwake ndikulowa pa ntchito, ndinapeza abwana ataima pafupi ndi makina, manja m'chiuno. Amayi a kutchalitchi kwa Amama anali atatipatsa ntchito ya zikwangwani za msonkhano wawo, ndipo mmodzi anali atangoimba foni kuti aganiza zopita kwina. Amama anali atawachenjeza kuti ku Biwi kuja makina ake amadya zilembo.

"Mayi Ng'oma," anatero abwana, akutchula bwinobwino dzinalo, "makina angawa chigulireni sanadyepo chilembo. Ayamba liti njala?"

Pamenepo ndinalibe kothawira, chifukwa awa makina amawadziwa. Ndinawauza zonse, kuyambira foni ya a Nabanda mpaka lezala.

Anapukusa mutu. "Mukanangondiuza kuti mwana wadwala, bwenzi nditadula ndine. Ndinabereka nanenso. Koma inu mwathawa ndi mwana, mwasiya dzina la shopu yanga pa msewu."

Sanandichotse ntchito. Anaitanitsa labala wina, anakambirana ndi osema miyala kuti apale nkhope ya mwala mpaka zilembo zoyamba zifafanizike. Za amayi a kutchalitchi anati ndikazikonze ndekha, poti ndinaziphika ndine.

Ndinadulanso. Ulendo uno ndinatsitsa liwiro, ndinakonza za pa ngodya, ndinayesa pa chidutswa. Kampeni katafika pa nkhodolero kanaima, kanakwera pang'ono, kanatembenuka, n'kutsikanso, modekha ngati mayi akudula zikhadabo za khanda. Kanjere ka labala kanazuka koyera, kosang'ambika. Ndinakayang'ana pa nsonga ya chala changa, ndipo manyazi anandigwira kuposa pakhonde paja. Zinali zophweka chonchi.

Amuna anga ndinawauza tikudya. Anasiya kutafuna, kenako anaseka pang'ono, kenako anasiya kuseka.

"Amama usawauze pano. BP yawo ukuidziwa. Tipite kaye kumudzi, mwambo udutse, udzawauze tikabwerako."

Kunena zoona, malangizo amenewa ndinawalandira ndi manja awiri, mwachangu chokayikitsa. Kodi ndimaopa BP ya Amama, kapena ndimaopa kuti mawu aja akuti "mwana wanga" abwerera kumene anachokera?

Loweruka mwala unabweranso. Abambo aang'ono anavala magalasi, anawerenga, anagwedeza mutu. "Eya. Awa ndiye akulu anga." Amama anaika chala pa nkhodolero, anakasisita, maso ali ndi misozi. Kenako anati tipemphere. Anathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa malemu, chifukwa cha ana, chifukwa cha ulendo uli kutsogolo. Ndiye anati, "Tikuthokozaninso chifukwa cha mwana wathu amake Tawonga, amene sanagone, walimbana ndi makina aja mpaka dzina la bambo ake labwerera."

Anthu onse anati ameni. Inenso ndinati ameni. Ndinanamiza Amama pakhonde, tsopano bodza langa lalowa m'pemphero.

Titatsegula maso, Amama analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yoyera yopindidwa bwino, imene idzaphimbe mwalawo kumudzi. Anaiika pa miyendo panga.

"Tsiku lovundukula, mbali iyi ndidzagwira ine, mbali inayo udzagwira iwe. Wamva?"

Ndinayang'ana amuna anga. Anayang'ana pansi.  Ndinagwada, ndinalandira nsalu ija ndi manja awiri.

"Yewo, Amama," ndinathokoza m'Chitumbuka chawo.

Nsaluyo ili mu sutikesi mwanga pamene ndikulemba izi. Kwa amayi a kutchalitchi sindinapitebe, chifukwa sindingawauze iwo zoona Amama asanamve. Amama sawerenga nyuzipepala, amati zilembo zake n'zazing'ono. Koma iwe Tiwonge ndikudziwa kuti danga lino sulidumpha. Mlamu wanga, chonde, usawauze. Ndisiyire ndikanene ndekha, ndi pakamwa pomwe panatuluka bodzali.

Chimene sindikudziwa ndi tsiku lake. Ndikanena tisananyamuke, ndiwaonongera mwambo wa amuna awo, ndipo mwina mbali ija ya nsalu agwira wina. Ndikadikira, ndikaima pa manda a apongozi anga, pamaso pa mudzi wonse, nditagwira ulemu umene ndinaupeza mwakuba.

Inu amene muli ndi apongozi, ndi inu amene muli apongozi a wina, tandiuzani. Ndinachita bwino kulandira nsalu ija?