Tsiku Limene Amuna Anga Anasowa M'chipululu

Inu owerenga, makamaka inu amene muli kunja kuno ndipo mukuganiza zosamukira kumatauni akutali chifukwa cha ntchito kapena mapepala, imani kaye mumve zimene zinandigwera. Ine ndinatsala pang'ono kukhala namfedwa m'dziko la eni, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo anatsala pang'ono kundifera m'manja. Sizinachitike titasamuka ayi. Zinachitika tikungopita kukaona malowo.

Timakhala ku Perth, dera la Bentley. Amuna anga anabwera kudzaphunzira za miyala ndi migodi payunivesite, ndipo ine ndi mwana wathu wamkazi, Takondwa, tinawatsatira pambuyo pake. Atamaliza maphunziro, ntchito ya zimene anaphunzirazo sinapezeke msanga, moti ankatsuka mapoto mulesitilanti ina ku Northbridge. Ine ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Murdoch. Nyumba imene timakhala ndi yogawana ndi anyamata awiri a ku Zambia, ana asukulu aulemu ndithu, koma banja lonse kupanikizana m'chipinda chimodzi, bafa kumadikirirana, si moyo woti munthu n'kuuzolowera.

Kenako kampani ina ya migodi inawaitana. Ntchito yake inali yeniyeni, ya maphunziro awo, koma inkafuna kuti tikakhale kukatauni kena ka m'chipululu, kupitirira Kalgoorlie. Dzina lake sinditchula, poti anthu ake sanatilakwire kalikonse.

Nkhaniyi tinakambirana mpaka kutopa nayo. Bambo a Takondwa ankaona zabwino zokhazokha. Kampani inkapereka nyumba yathuyathu yokhala ndi bwalo. Kachipatala kakumeneko kankasowa anthu a ntchito ngati yangayi. Koma chachikulu chinali viza. Yathu inali ndi malire, ndipo tinauzidwa kuti munthu akagwira ntchito kumadera akutali ngati amenewo, njira yopezera mapepala okhalitsa imatseguka. Ine mtima wanga unkakana. Ndinkaganiza za tchalitchi chathu, kumene Lamlungu lililonse timaimba m'chinenero chathu ndipo amayi anzanga amandifunsa ngati ndadzuka bwino. Ndinkaganiza za Takondwa, amene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo anali atangopeza anzake kusukulu. Nanga wina akadwala mwakayakaya, chipatala chachikulu chili kutali chotero, zikatha bwanji? Koma ndikawaona abambowo akubwera kuntchito manja atatuwa ndi sopo, munthu wophunzira ngati iwo, ndinkawamvera chisoni.

Mayi ena achikulire akutchalitchi, amene anakhalapo kumadera amenewo, anandikokera pambali tsiku lina. Anati, “Mwana wanga, kukaona n'kwabwino, koma musapite mwezi uno. Dikirani dzuwa lichepe.” Ndinawathokoza, koma kampani inkafuna yankho mwamsanga, sukulu zinali zotseka, ndipo ine ndinali nditapeza kale wondigwirira mashifiti anga. Tinanyamuka mu Januwale, pa kagalimoto kathu kakale koyendera m'tauni.

Katauniko tinakafika ndipo, ndisaname, kanandisangalatsa kuposa mmene ndinkayembekezera. Misewu yake ndi yotakata, fumbi lake lofiira ngati la kwathu ku Dowa. A kampani anationetsa nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi eyakoni, makina oziziritsa mpweya. Takondwa anathamanga m'zipinda zonse n'kusankha chake. Mayi wa m'sitolo anatilonjera mwansangala ngati anatidziwa kale. Tsiku limenelo ndinayamba kuganiza kuti mwina mantha angawo anali opanda pake.

M'mawa mwake, tisanabwerere ku Perth, amuna anga anafuna kuona mgodi weniweniwo, ngakhale patali chabe, kuti adziwe kumene azikagwira ntchito. Foni inaonetsa njira ziwiri, ina yatala yozungulira, ina yafumbi yachidule. Tinasankha yafumbiyo. Palibe amene tinamuuza kumene tikupita. Madzi tinali ndi mabotolo awiri aang'ono, chifukwa m'maganizo mwathu unali ulendo wongopita n'kubwera.

Inu owerenga, ife tinakulira kumene msewu uliwonse uli ndi anthu. Galimoto ikafa pakati pa Mponela ndi Kasungu, posachedwa patulukira wanjinga, mayi wosenza nkhuni, ana obwera kudzaonerera. Munthu sukhala wekha. Mitu yathu inali idakali kumeneko.

Titayenda ndithu, msewu unatsikira m'khwawa louma lodzaza mchenga. Galimoto inalowa, inalira, n'kuima. Matayala ankangozungulira pamalo amodzi, akukumba dzenje. Tinatsika n'kuyamba kufukula mchenga ndi manja, koma unkaotcha ngati phulusa la moto. Tinaika nthambi pansi pa matayala, ine ndikukankha, iwo akuponda mafuta. Galimoto inangotitimira mpaka mimba yake inakhala pansi. Titayang'ana mafoni, onse awiri analibe netiweki.

Apa tinali titamwa kale botolo limodzi. Amuna anga anayang'ana mapu amene anatsalira pafoni n'kunena kuti mgodi suli patali.

“Mayi a Takondwa, khalani pano ndi mwanayu. Ndikafika kumgodi ndibwera ndi anthu.”

Ndinawagwira mkono. “Bambo a Takondwa, musapite. Dzuwa ili si lakwathu.”

“Nanga tingokhala mpaka liti? Mwaonapo galimoto ngakhale imodzi chichokereni kutauni?”

Sindinaione. Anamwa pang'ono m'botolo lotsalalo, n'kutisiyira ife. Ndinawayang'ana akukwera tsidya lina la khwawa, malaya awo oyera akucheperachepera, mpaka tchire linawameza.

Zimene zinatsatira sindifuna mdani wanga yemwe adzazione. Ndinayatsa injini kuti eyakoni itiziziritse, koma posakhalitsa muvi wa kutentha kwa injini unakwera mpaka pofiira, ndipo ndinazimitsa. M'galimoto munasanduka ng'anjo. Ndinamanga chitenje pazitseko ziwiri kuti pakhale kamthunzi, ndinachotsa makapeti a m'galimoto n'kuyala pansi, tinakhala pamenepo. Ntchentche zinkatilowa m'maso ndi m'makutu. Kupatula ntchentchezo, kunali zii. Kopanda tambala, kopanda galu, kopanda mawu a munthu. Sindinkadziwa kuti bata likhoza kuopsa chotero. Ndinaliza hutala mobwerezabwereza, phokoso lake linkangopita osabwerera.

Madzi ndinkampatsa Takondwa ndi kachivindikiro ka botolo, pang'onopang'ono. Ine sindinamwenso. Poyamba ankalira, akufunsa kuti adadi abwera liti. Kenako anasiya kulira, ndipo apa m'pamene mantha enieni anandigwira. Pantchito yanga anatiphunzitsa zizindikiro za munthu amene kutentha kwamupweteka, chifukwa okalamba amafa nako m'chilimwe. Ndinkaziona chimodzichimodzi pa mwana wanga. Milomo inauma. Anati mutu ukumuwawa. Thukuta linasiya kutuluka, khungu lili lotentha ndi louma. Mwana ameneyu Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi nthawi zonse. Tsiku limenelo anatsegula maso pang'ono n'kunena m'Chichewa chomveka bwino kuti, “Amayi, madzi.” Botolo linali litatha.

Ndinapemphera mokuwa ngati wamisala. Maganizo ena ankandiuza kuti ndimubereke nditsatire abambo ake. Ena ankandiuza kuti ndikachoka pamthunziwo tifera panjira tonse. Ndinaimirira n'kukhalanso, kuimirira n'kukhalanso. Ndinayamba kuganiza za mayi anga ku Dowa, kuti adzawauza ndani, ndipo adzawauza kuti chiyani. Ndinkamugwedeza mwanayo kuti asagone, ndikumufunsa mayina a anzake akusukulu, iye akuyankha mochedwa, mwina osayankha n'komwe.

Dzuwa litapendeka ndinamva kulira kwa injini. Ndinaganiza kuti ndi m'mutu mwanga, mpaka ndinaona fumbi. Inali galimoto yaikulu ya pafamu, ndipo woyendetsa anali mayi wina wachizungu, woweta ng'ombe m'deralo, amene ankayendera zitsime za ziweto zake. Pambuyo pake anandiuza kuti njira imeneyo sadutsamo kawirikawiri. Sanataye nthawi ndi mafunso. Anamunyamula Takondwa n'kumuika m'galimoto mwake mozizira, anamuthira madzi thupi lonse, n'kundiuza kuti ndizimumwetsa pang'onopang'ono. Kenako anaona nsapato zachimuna zapadera pampando wakumbuyo, n'kundifunsa ngati tinali ndi munthu wina. Nditaloza kumene amuna anga analowera, nkhope yake inasintha. Anatenga wailesi yolankhulirana ya m'galimoto n'kuyamba kuitana apolisi ndi achipatala.

Tinatsatira mapazi awo mumchenga wofiirawo, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Poyamba mapaziwo ankayenda molunjika m'mbali mwa msewu. Kenako anayamba kukhotakhota. Tinapeza chipewa chawo. Patsogolo pake tinapeza malaya oyera aja atatayidwa pansi. Kenako mapazi anasiya msewu n'kulowa m'tchire, kulunjika kumene kunkanyezimira ngati madzi. Sanali madzi. Linali dambo la mchere louma, loyera mbee.

Tinawapeza m'mphepete mwake, atagona chammbali pansi pa kachitsamba kopanda mthunzi. Msana unali utapsa, matuza ali mbwee. Maso anali otsegula koma sanandizindikire. Ankalankhula ndi mchimwene wawo amene anamwalira kalekale, akumuuza kuti atsekere mbuzi. Ndinawaitana dzina lawo lenileni, limene sindinalitchulepo pamaso pawo chikwatiraneni, koma sanacheuke.

Tinathamangira nawo kukachipatala ka m'tauni muja, ndipo achipatala anachita zonse zimene akanatha. Takondwa anamuika diripi ndipo anayamba kutsitsimuka. Koma za abambo ake adokotala anandiuza mosabisa kuti impso zawo zasiya kugwira ntchito, ndipo zipangizo zowathandizira pamalopo palibe. Anawakweza ndege ya odwala kupita ku Perth. Malo a ine ndi mwana munalibe. Ndinaima pabwalo la ndege lafumbi, ndikuyang'ana kandege kakunyamuka ndi amuna anga, osadziwa ngati ndikawapeza amoyo. M'tauni yonseyo munalibe munthu mmodzi woti ndilire naye m'chinenero changa. Anthu ake anali achifundo, mayi wa pafamu uja anatigoneka kwake n'kutiperekeza kukakwera sitima ku Kalgoorlie, koma chisoni cha munthu chimafuna akwawo.

Titafika ku Perth ndinapeza amayi akutchalitchi ali kale pakhonde la chipatala. Anali atagawana masiku, wina wokhala ndi ine, wina wotenga Takondwa, wina wophika. Anyamata a ku Zambia aja ankabwera ndi zovala zosinthira. Mayi achikulire amene anandichenjeza aja anangondikumbatira, osanena kanthu za chenjezo lawo. Amuna anga anakhala nthawi yaitali pamakina osefa magazi. Tsiku limene anatsegula maso n'kundifunsa kuti mwana ali kuti, ndinangokhala pansi penipeni.

Anachira, ngakhale mpaka lero amapitabe kukayezetsa impso ndipo padzuwa sakhalitsa. Ntchito ija kampani inadikira kwakanthawi, kenako inapatsa wina. Tidakali m'chipinda chathu chimodzi ku Bentley. Takondwa sakwera galimoto popanda botolo la madzi m'manja, ngakhale tikungopita kusitolo.

Sindikunena kuti musapite kumatauni amenewo. Kuli abale athu amene anasamukirako ndipo zinthu zikuwayendera. Chimene ndikunena n'chakuti ife tinayeza nyumba, malipiro ndi mapepala, koma dziko lenilenilo sitinaliyeze. Musanavomere, funsani anthu amene akukhala kumeneko, ndipo akakuuzani zinthu zosakusangalatsani, mverani. Funsani kuti munthu akadwala kwambiri amapita naye kuti, ndipo inu otsala mudzatsamira ndani. Mukamayenda kumeneko, nyamulani madzi ochuluka mpaka anzanu akusekeni. Uzani munthu njira imene mwatenga ndi nthawi imene mufike. Njira yafumbi imene foni yakuonetsani musaikhulupirire musanafunse eni dera. Ndipo galimoto ikafa, chonde, wina asachoke. Galimoto imaoneka patali, munthu woyenda pansi saoneka. Ine ndinawagwira mkono amuna anga, koma ndinawasiya. Ndikanadziwa zimene ndikudziwa lero, ndikanagona pamapazi awo.

Viza yathu ikutha chaka chamawa. Mwezi watha kampani ina inawaimbira foni amuna anga, ndipo ntchito yake ilinso kutauni ina ya m'chipululu. Atandiuza, ndinaika pansi kapu imene ndinanyamula. Iwo anandiyang'ana, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, “Mayi a Takondwa, inenso ndikuopa. Koma tikakana, tilowera kuti?”

Sindinawayankhebe. Inu owerenga, mukamapemphera, mutikumbukire.