Khalas wa Mwini Sitolo

Mawu oyamba a Chiarabu amene ndinawakonda anali khalas. Ndinawaphunzira ku Al Garhoud, dera la pafupi ndi bwalo la ndege mumzinda wina waukulu wa kwa Aluya, m'nyumba imene ndinkalera ana awiri. Bambo a m'nyumbamo ankakonza ndege, madamu ankagwira ntchito kuhotela. Mwana akamaliza kudya, khalas. Ndikamaliza kusita, madamu ankakweza dzanja n'kunena kuti khalas, kapume. Tsiku lina ndinaswa mbale yagalasi imene anachokera nayo kwawo, ndipo ndinagwada m'khitchini momwemo n'kuyamba kutola zidutswa. Madamu anayang'ana zidutswazo, anayang'ana ine, kenako anati, "Khalas, khalas." Sanandidule malipiro, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Kuyambira pamenepo ndinkadziwa kuti khalas ndi mawu a munthu amene wakukhululukira.

Kumudzi ndinasiya mwana mmodzi, wamkazi. Anali atamaliza kuphunzira zosoka koma makina analibe. Ankasokera pa makina a telala wina, pakhonde la golosale ku Lunzu, mwiniwakeyo akatopa kapena akapita kokadya. Telalayo anali bambo wabanja lake, koma ankakonda kumuyeza mwana wanga m'chiuno ndi tepi popanda womutuma. Mwanayo ankandiuza moseka pafoni. Ine sindinkaseka. Ndinkafuna achoke pakhonde limenelo, ndipo njira yake inali imodzi, akhale ndi makina akeake.

Ndinawapeza ku Satwa, dera lina la mumzinda womwewo, m'kasitolo kothinana pakati pa matelala. Anali akuda, olemera, a mtundu umene umatha kuyendera kamota ka magetsi komanso kuikidwa patebulo lopalasa ndi mapazi. Ndinasankha dala amenewo chifukwa magetsi a kwathu timawadziwa tonse. Mwini sitolo anali mkulu wa ndevu zoyera, wolankhula motsitsa. Ndisamunamizire, sanandibise kanthu. Ananena kuti makinawo ndiwatenga tsiku lomwelo, ndizilipira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo ndikadzalipira mwezi womaliza adzakhala anga. Mawu oti lendi ndinawamva bwinobwino, koma sanandilowe. Lendi imene ndinkaidziwa ine ndi ya nyumba. Kwathu ukamagula chinthu pang'onopang'ono, zimene wapereka zimakhala zako ndithu. Ukalephera kumaliza mumakhala pansi, mumakambirana, wina amapepesa, ndipo suchoka chimanjamanja. Ndinasaina ndikumwetulira ngati wopusa.

Miyezi inapita ndikulipira mokhulupirika. Madzulo ana akagona ndinkapinda madiresi a anzanga a kutchalitchi m'kachipinda kanga, ndipo madamu ankangotseka maso. Ndinali nditadutsa pakati, kumapeto kukuoneka, pamene korona inafika.

Ndege zinasiya kuuluka. Ku Al Garhoud tinazolowera kulankhula modukiza chifukwa cha phokoso lake, ndiye bata limenelo linkandiopsa. Bambo anachotsedwa ntchito, hotela ya madamu inatsekedwa, ndipo misewu itatseguka iwo analongedza n'kubwerera kwawo. Madamu analira pondisiya, ine ndinaliranso, koma viza yanga anaifafaniza chifukwa inali pa dzina lawo. Ndinanyamula chikwama ndi makina anga kupita ku Satwa komweko, m'chipinda chimene akazi angapo tinkagawana mabedi osanjikizana. Pa bedi la pamwamba panga pankagona mayi wina wa ku Chipata, wamkulu kwa ine, amene ndinkamuti asisi. Anali wa pakamwa, koma mtima wake unali wabwino.

Poyamba makinawo anandidyetsa. Ndinkasoka mamasiki a chitenje, ndipo ankayenda malonda. Kenako mamasiki abuluu aja otaya anadzaza paliponse, otchipa kuposa madzi akumwa, ndipo anthu anasiya kundifuna. Ndinkatsuka m'nyumba za anthu mobisa kuti ndipeze ya bedi ndi ya makina. Mwezi wina ndinkalipira, wina ndinkapempha kuti andidikire. Ndiye matenda aja anandigwira. Ananditenga kukandisunga kwandekha, ndipo nditabwerako ndinali wopanda mphamvu ngakhale yokwera masitepe. Miyezi inadutsa osapereka kanthu. Foni ikalira ndinkaitembenuza chafufumimba.

Unali mwezi wosala kudya wa Asilamu pamene ndinalimba mtima n'kumuimbira mwini sitolo. Ndinafotokoza zonse, za ntchito, za matenda, za mwana wanga. Ndinalankhula nthawi yaitali, Chingerezi changa chikuphwanyika ndi misozi. Iye anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anapuma mozama n'kunena kuti, "Khalas, mama, khalas. Usalipirenso."

Ndinagwada pakati pa mabedi foni ili kukhutu. Ndinati shukran, zikomo wa Chiarabu, kangati kaya. Ndinamudalitsa iye, ana ake ndi zidzukulu zake. Masiku amenewo tinkamva za eni nyumba ena amene ankakhululukira anthu lendi, ndipo m'mwezi wosala anthu a kuno amapatsa ndithu, chakudya chinkatipeza pakhomo osadziwa wachitumiza. Nanga ine ndikanakayika chifukwa chiyani?

Asisi a ku Chipata anasuzumira kuchokera pamwamba. "Imwe, manje mwamvela bwino? Aba bantu sibapasa vintu vamahala."

"Asisi, inu mumaona mdima paliponse," ndinawayankha. "Khalas ndimamudziwa ine. Ndakhala naye m'nyumba."

Tsiku lomwelo ndinaimbira mwana wanga. Ndinamuuza kuti makina ndi ake, ndatha nawo, ndipo ndidzawatumiza ndi munthu woyamba wopita kumudzi. Anakuwa mpaka foni inanjenjemera. Anandifunsa kukula kwake, ndipo ndinatenga tepi n'kuyeza tsinde lake m'litali ndi m'lifupi, ndikumuwerengera iye akulemba. Kwa nthawi yoyamba chiyambire mliri ndinagona osalota kanthu.

Anabwera masana, sabata lisanathe, amuna awiri ovala mamasiki, ndi kangolo kokankha. Anapereka moni mwaulemu, anavula nsapato pakhomo. Ine ndinali ndikupinda siketi ya mnzanga wa m'chipindamo. Mmodzi analoza makinawo n'kunena dzina la sitolo. Ndinaseka, ndinati alakwitsa, abwana awo anati khalas. Iye anagwedeza mutu kuvomereza, anati eya, khalas, n'chifukwa chake tabwera.

Asisi ndi amene anaimbira foni mwini sitolo. Anaika kuti tonse tizimva. Mkulu uja sanakalipe. Anati anandidikira nthawi yaitali, sitolo yake nayonso ikufa, ndipo pangano linatha. Zotsalira zonse wazisiya, sandifunsanso, ndiye chifundo chake chimenecho. Koma makina ndi ake. Ndinalanda foni n'kufunsa za miyezi yonse imene ndinalipira ija. Anati, "Inali lendi, mama. Unkasokerapo."

Ndinakwiya, koma ndinasowa pogwira. Munthuyo sananame ngakhale liwu limodzi. Amuna aja anadikira kuti ndidule ulusi ndi kuchotsa siketi, kenako anakulunga waya wa kamota bwinobwino n'kutuluka nawo.

Mayi wina wa kutchalitchi atamva anandiuza kuti ndisagone, boma lakhazikitsa lamulo latsopano loteteza ogula, logwira ntchito m'dziko lonse, ndipo pali ofesi yolandira madandaulo. Anandipatsa nambala. Ndinaimba ndi mtima wonse. Anayankha mtsikana waulemu kwambiri, ndipo anandimvetsera osandidula. Anafunsa ngati makinawo anali owonongeka, ndinati ayi. Ngati anandinamiza mtengo, ndinati ayi. Ngati pepala limene ndinasaina linkanena za lendi, ndinati eya. Anati komabe ndikhoza kulembetsa dandaulo kuti aliunike, ndingomupatsa nambala ya chitupa changa ndi kufotokoza ntchito imene makinawo ankagwira.

Pamenepo m'pamene panavuta. Chitupa changa chinafera limodzi ndi viza. Ntchito imene ndinaloledwa kugwira kuno inali yolera ana, osati kusoka zogulitsa. Kuti lamulo lindithandize ndinayenera kuyamba ndadziulula ndekha, ndipo ndinkaopa kuti mapeto ake ndikwera ndege wopanda makina komanso wopanda njira yobwererera. Mwina ndinkaopa zopanda pake, sindidziwa mpaka lero. Mtsikanayo ankati, "Halo? Halo?" Ndinadula foni. Lamulolo ndikhulupirira ndi labwino, ndipo alipo amene linawapulumutsa. Ine ndinalisuzumira pawindo basi.

Ndinatha masiku ndikuzemba mafoni a mwana wanga. Ndinkamutumizira timauthenga toti netiweki ikuvuta. Asisi anatopa nane. "Muuzeni mwana," anatero. "Mufuna akamvele kuli bantu?" Anaimba okha pafoni yanga n'kundiika m'manja.

Mwanayo sanandipatse mpata. Anatsegula kamera, nkhope ikuwala, akuti amayi dikirani muone. Anatembenuza foni. M'chipinda chake munali tebulo latsopano la matabwa oyera, miyendo yake yachitsulo, chopalasira ndi gudumu anazipeza kwa munthu wina ku Limbe. Anali atagulitsa mbuzi zake ziwiri zimene agogo ake anamusiyira. Kwa telala uja anali atatsanzika kale, ndipo anandiuza monyadira mawu amene anamulankhula potuluka, mawu oti munthu sungabwererenso pakhomo pake.

"Mwanawe," ndinatero, "makina aja atenga."

"Atenga ndani, amayi?"

"Eni ake."

Foni inali idakaloza patebulo, ndipo sindinkamuona nkhope. Ndinkangoona dzanja lake likuyenda pamwamba pa thabwa, mpaka linafika pakati, pamene panali bowo lalikulu la makona anayi, la muyeso umene ndinamuwerengera uja, losalazidwa bwino m'mbali. Zala zake zinalowa m'bowomo n'kutulukira pansi.

"Koma amayi," anatero motsitsa, "akalipentala adula kale."