Dzanja la agogo a Gondwe ndi kadengu ka mafuta

Ndikakumbukira agogo a Gondwe, chimayamba kundifika ndi fungo la mafuta otikitira minofu losakanikirana ndi utsi wa hita ya palafini, m'garaja momwe ankagona ndi akazi awo a NyaMhango, mvula ya mu Julayi ikumenya chitseko chachitsulo, mphepo ikulowera pansi pake mpaka kutukula kakapeti ka pakhomo. Sanali agogo anga enieni. Tinkangokhala nyumba imodzi ku Parklands, mumzinda wa Cape Town, mabanja anayi, lililonse chipinda chake, khitchini ndi bafa zolimbirana, koma ana tonse a m'nyumbamo tinkawatchula agogo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mtsikana wolongolola, wosachedwa kulowerera zinthu zosandikhudza.

A Gondwe anali a ku Mzimba, munthu wamtali, wosaseka wamba. Kwa zaka zambiri ankagwira ntchito kumsika waukulu wa ku Epping, kuyendetsa fokolifiti, kagalimoto kokhala ndi mano awiri achitsulo kutsogolo kamene kamakweza mulu wa matumba a mbatatesi kupitirira denga la nyumba. Ndiwo anawapezera bambo anga ntchito yosanja katundu komweko. Chaka chimenecho, Pasaka atangodutsa, agogo anagwa m'bafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono. Mwendo unachira, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera, moti tiyi ankawathirira theka la kapu kuopa kuti angadziwotche.

Kuntchito anawadikira miyezi itatu. Kenako kapitawo anatumiza uthenga kudzera mwa bambo anga kuti Lolemba lomaliza la mwezi agogo apite akayesedwe kuyendetsa. Akakhoza abwerera pa fokolifiti, akalephera malo apatsidwa wina.

M'garajamo munali kompyuta yakale imene a NyaMhango anapatsidwa ku Sea Point komwe ankagwira ntchito ya m'nyumba, mwana wa abwana awo atapita kunja. Inabwera ndi chogwirira chakuda chimene agogo ankachitchula kuti giya, komanso masewero a ndege zankhondo. Zowombera analibe nazo ntchito, ankati n'zachibwana. Chinawagwira mtima ndi kuthira mafuta ndege zili m'mwamba. Ndege yaikulu yonyamula mafuta imauluka patsogolo ikukoka paipi yaitali yokhala ndi kadengu kumapeto, ndipo iwe uyenera kusendeza kandege kako kumbuyo kwake pang'onopang'ono, mpaka kachitsulo ka pamphuno pako kalowe m'kadengumo, n'kukhala pomwepo osagwedera kufikira thanki itadzaza. Ukachedwa mafuta amakuthera, ukapupuluma umagunda ndege yaikuluyo.

"Iyi ndi fokolifiti yeniyeni," anatero tsiku loyamba. "Kulowetsa mano osagunda, osaphonya."

Kutatsala milungu iwiri kuti akayesedwe, anawauza akazi awo ine ndili pomwepo. "Kapitawo uja ndingathe kumupusitsa. Test ya ten minutes pabwalo lopanda anthu si nkhani. Koma ichi sichipusitsika. Ndikalowetsa n'kudzaza thanki, ndipita ku Epping. Ndikalephera pofika Sunday yomaliza, NyaMhango, mumange katundu, tizipita kwathu."

A NyaMhango anangoti "Hmm," n'kupitiriza kusita. Tonse tinkadziwa kuti a Gondwe akanena anena.

Zilembo za pa kompyutayo zinali zing'onozing'ono, za Chingerezi, ndipo magalasi a agogo anali otopa, choncho ntchito yowayatsira ndi kuwasankhira ndege inali yanga. Ndikaweruka kusukulu ndinkaponya chikwama, kutsuka mbale mothamanga, n'kulowa m'garaja, momwe ndinkawapeza atakhala kale pampando wapulasitiki, akudzitikita dzanja, hita ikulira chapansipansi, zovala zonyowa zili pachingwe pamwamba pa mitu yathu. Ndiwo anandiphunzitsa chinsinsi chake. "Usayang'ane kadengu, Tadala. Yang'ana mimba ya ndege yaikulu. Ukathamangitsa kadengu kakuvinitsa." Mutu wawo unkadziwa zonse, koma dzanja silinkamvera. Ankafika pafupi bwinobwino, kadengu kali pamphuno penipeni, kenako chala chachikulu n'kuyamba kugwedera, giya n'kutengera, ndege n'kuyamba kukwera ndi kutsika ngati minibasi pamsewu wa mabampu. Kadengu kankadutsa pamwamba pa galasi, ndipo iwo ankapuma mwamphamvu n'kunena kuti, "Yambitsanso."

Tsiku lina anandipatsa giya kuti ndiyese iwo akupumitsa dzanja. Kachitatu ndinalowetsa. Mawu a mzungu a mu kompyutamo anati "Contact," ine n'kudumpha, kukuwa, kuvinavina. Nditacheuka ndinapeza agogo akuyang'ana dzanja lawo lili pabondo. "Wachita bwino," anatero. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawaiwale.

Loweruka lomaliza analephera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndikutuluka ndinakumana ndi a NyaMhango kuseri kwa nyumba, akuanula zovala, maso ali psuu. Sanandipemphe kanthu, ndisawanamizire. Anangoti, "Kwathu tikadya chiyani ndi dzanja limeneli?" Koma ine ndinali nditaona kale kena kake. M'katikati mwa zilembo zija munali kabokosi kamene ukakachonga kuthira mafuta kumakhala kosavuta. Ukangofika pafupi, kadengu kamadzikokera kokha pamphuno, ndipo ngakhale ugwedere sikamasuka msanga.

Lamlungu titabwera kutchalitchi, agogo akuvula jekete atandifulatira, ndinachonga kabokosiko. Anakhala pansi, kupukuta chikhatho pa thalauza, n'kugwira giya. Ndege yaikulu inayamba kukula pagalasi, paipi ikulendewera, a NyaMhango ataima pakhomo atagwira m'chiuno. Ndinaona chala chikuyamba kugwedera monga mwa masiku onse, mphuno ya ndege n'kukwera pang'ono, koma kadengu kanatsetsereka n'kukola.

"Contact."

Thukuta linkatsika m'khosi mwa agogo kulowa m'kolala, singano ya mafuta ikukwera, ndipo palibe anapuma mpaka thanki itadzaza. A NyaMhango analiza nthungululu imene inatulutsa anthu onse m'zipinda. Agogo anaseka, mano onse poyera, koyamba chiyambire kudwala, n'kukweza dzanja lija m'mwamba kuti tonse tilione. Ine ndinadziona ngati munthu wanzeru kwambiri mu Cape Town monse.

Zinandithera pa chakudya chamadzulo. Bambo ankafotokozera mayi mosangalala. "Eish, madala aja ndi dolo. Mawa akangokhoza, straight pa ntchito, pali matiraki awiri a anyezi. Ine ndiye ndikhala pansi kuwalozera."

"Pansi pati?" ndinafunsa.

"Pansi pa katundu, nanga pati? Iwo akakweza, ine ndimaima chapafupi kuwauza kuti left, right, tsitsani. Munthu amene umamukhulupirira suthawa ayi."

Ndinasiya kudya. Mayi anandigwira pamphumi kuyesa ndadwala.

Lolemba m'mawa, nditavala kale yunifomu, ndinagogoda kugaraja. Ndinawapeza agogo atavala chovala chawo chowala cha kuntchito, nsapato zachitsulo atapolisha, a NyaMhango akuwaikira buledi m'kabokosi. Kwathu mwana sauza munthu wamkulu kuti zimene mukukondwerazi n'zabodza. Ndinagwada pasimenti yozizira.

"Wadwala, mwana wane?" anafunsa agogo.

"Agogo, dzulo ndinasintha. Ndinaika pa easy. Kadengu kanalowa kokha."

A NyaMhango anasiya mpeni pa tebulo. "Iwe mwana iwe, ukuti chiyani? A Gondwe, musamvere za mwana, taxi ikusiyani."

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali moti ndinalakalaka akanangondimenya.

"Unandimvera chisoni?"

"Eya."

"Nanga lero chisonicho chapita kuti?"

"Adadi akuti amaima pansi pa katundu."

Anatembenukira kuwindo. Kenako anakoka mpando wapulasitiki uja. "Dzuka. Bwezera mmene zinalili."

Ndinachotsa chochonga chija. Anakhala pansi chivalire, nsapato ndi zonse. Ulendo woyamba anaphonya kutali. Wachiwiri kachitsulo kanakhudza m'mphepete mwa kadengu, n'kukakankhira kumbali. A NyaMhango anali akupemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Ulendo wachitatu anasendera mwaulemu kwambiri, maso ali pamimba ya ndege yaikulu, ndipo kachitsulo kanalowa. Analowetsadi okha, ndinaona ndi maso angawa. Singano inayamba kukwera. Ine ndinkawerenga mumtima, ndipo ndisanafike khumi chala chinagwedera, dzanja lonse n'kutsatira. Ndege inadumphira m'mwamba, paipi inathothoka, phiko la ndege yaikulu linadzaza galasi lonse, kenako moto.

"Mwalowetsatu!" anatero a NyaMhango. "Mwalowetsa nokha, tonse taona. Pitani!"

"Kulowetsa si ntchito," anatero agogo. "Ntchito ndi kugwira katundu ali m'mwamba, munthu ali pansi."

Anavula chovala chowala chija, kuchipinda bwinobwino, n'kuchiika pabedi. Anavala jekete la kutchalitchi, nati akupita ku Epping kukamuuza yekha kapitawo, asamve kwa wina. Pakhomo anaima n'kundigwira pamutu ndi dzanja lomwelo, ndipo ndinalimva likunjenjemera m'tsitsi langa. "Yewo, mwana wane. Thamanga, wachedwa kusukulu."

Patatha milungu itatu anakwera basi ya ku Malawi. M'milungu imeneyo a NyaMhango sanandilankhule ngakhale kamodzi. Tikakumana m'khitchini ankangosuntha poto wawo n'kuyang'ana kukhoma, ndipo tsiku lonyamuka anatsanzika aliyense m'nyumbamo kupatula ine. Zinandiwawa, ndipo ndinawakwiyira zaka zambiri. Ndinadzamvetsa nditakula kuti nawonso anataya ntchito yawo, mpingo wawo ndi anzawo chifukwa cha pakamwa panga. Agogo anakhala kumudzi zaka zinayi, n'kumwalira. Tinamva pa foni.

Lero ndimasamalira okalamba m'mafulati a ku Sea Point, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kuwayendetsa pakhonde. Kawirikawiri ana awo amandikokera pambali n'kundipempha kuti ndiziwauza makolowo kuti akupeza bwino, kuti posachedwa ayambanso kuyendetsa galimoto. Ndimakana, ndipo ena amanditcha wouma mtima. Sadziwa kuti nkhalamba ikandiyang'ana m'maso n'kufunsa ngati dzanja lake likuchira, mawondo anga amazizira ngati ndagwadanso pasimenti ija. Ndimayankhabe zoona. Bambo anga akadali ku Epping, ndipo madzulo aliwonse amabwera kunyumba ndi miyendo yawo. Nambala ya a NyaMhango ndili nayo mu foni chaka chachisanu tsopano, koma sindinaimbepo.