Makalata Atatu a Bambo Kaliati

Pa maliro a alamu anga, a Kaliati, onse amene anaimirira kulankhula anati malemuwa anali munthu wodekha ndiponso wodziwa Chingerezi. Sananame. Koma sananene zonse, ndipo zotsalazo ndilemba ine, ngakhale sukulu ndinalekezera sitandade 4.

A Kaliati anakwatira mlongo wanga Belita, nadzamanga kwathu kuno kwa Mkhumba monga achitira mkamwini aliyense. Zaka makumi awiri ndi zisanu anagwira umesenjala pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Ntchito yawo inali kunyamula makalata mu ofesi ya bwana kukapereka kwa makalaliki ndi akapitawo. Nawonso sukulu sanapite nayo patali, koma makalata odzudzula anthu anawadziwa bwino, chifukwa wolandira ankawerenga iwo ataima pomwepo, akumuona nkhope.

Atapuma ntchito ankakonda kutifotokozera zimenezi.

"Alamu, inu mukakalipira munthu mumangokalipa, lero ndi mawa chimodzimodzi," ankatero kwa ine. "Mzungu ali ndi makwerero. Akalemba kuti woningi, ndiye kuti wakuona. Akalemba kuti ripurimandi, dzina lako lalowa m'faelo. Kalata yachitatu ikafika, thirakitala imakhala ili kale panjira kudzanyamula katundu wako."

Ankati pa zaka zonsezo sanaonepo munthu atalandira kalata yachitatu n'kugonanso m'nyumba ya kampani.

Mu 1996 alimi wamba anali atayamba kulima fodya wa bale, ndipo aliyense ankafuna dothi labwino. Munda wa Belita, umene anamusiyira amayi athu, unali m'mbali mwa msewu wopita ku Migowi, dothi lake lakuda. M'mawa wina mu Seputembala tinapeza munda wonse wakhomedwa zikhomo, aganyu akuunda mizere. Anawatuma anali a Goodman, wapampando wa chipani m'dera lathu. Iwo ankati malume awo anangobwereka amayi athu mundawo kalekale. Linali bodza. Ine ndinabadwa amayi akulima pamenepo, ndipo iwonso anaupeza kwa amayi awo.

Kwathu kuno zikatere sudikira. Umazula zikhomo, umagumula mizere ya mnzakoyo, umaunda yako, mvula ikagwa umabzala. Mlandu uzikupeza uli m'munda. Tsiku lomwelo ndinaitana abale anayi, tinatenga makasu. A Kaliati anatiimitsa pa bwalo la nyumba yawo.

"Alamu, ikani khasu pansi. Ino ndi nthawi ya matipate, zinthu zikuyenda ndi kalata. Mukakhudza munda nkhani ili m'manja mwa akuluakulu, wolakwa mukhala inuyo."

"Nanga tidya kalatayo?" anafunsa Belita.

"Mayi, ndipatseni chaka chimodzi chokha."

Mwini mbumba ndinali ine. Mkamwini alibe mawu pa munda wa mkazi wake, ndipo ndikanatha kuwadutsa. Sindinawadutse. Ndinachita manyazi kutsutsana ndi munthu wodziwa Chingerezi pamaso pa abale, ndipo ndinabweza anthu aja.

A Kaliati analembera bungwe lina la ku Blantyre loona za ufulu wa anthu, limene ankalimva pa wailesi. Yankho linafika mu Febuluwale, fodya wa a Goodman atafika m'chiuno. Anatiwerengera pa khonde, chala chili pa liwu limodzi.

"Alemba kuti konseni."

"Ndiye kuti chiyani?" ndinafunsa.

"Ndiye kuti zawakhudza. Sanakwiye, koma akweza maso. Limeneli ndi khwerero loyamba."

Chaka chimene anapempha chija chinatha. Analembanso, ndipo kalata yachiwiri inabwera ndi liwu lakuti dipulo. Anati limeneli ndi lolemera, munthu amalilemba zinthu zikamunyansa, ndipo sangalilembe kawiri osachitapo kanthu. Nthawi imeneyo n'kuti a Goodman atamanga chigafa pakati pa munda. Banja la Belita linkadya chinangwa cha pa kamunda ka kuseri kwa nyumba. Mwana wawo wamkazi Eveles, amene akanalandira mundawo, anatopa n'kutsatira mwamuna wake kwa Nazombe, chinthu chimene mwana wamkazi wa kwathu sachita ngati kwawo kuli polima.

Tsiku lina la msika ku Migowi a Goodman anatipeza tikugula mchere.

"Achimwene a Chingerezi, mwezi uno kwabwera liwu lanji?" anatero mokweza kuti ogulitsa nandolo amve. "Likabwera lina mudzandiwerengere. Ine ndimalikonda, limandithandiza kugona."

Anthu anaseka. A Kaliati anavula chipewa.

"Sekani, a tcheya. Latsala limodzi."

Linabwera mu 1999. Tsiku limenelo a Kaliati anavala jekete, anaitana mbumba yonse, ndipo anaimirira powerenga.

"Kondemu," anatero. "Ndiye kuti adzudzula, ndipo awonjezera kuti mwamphamvu. Pamwamba pa ili palibenso lina. Mayi, nolani makasu."

Belita anapitiriza kusenda chinangwa. A Kaliati anatenga mpando n'kukakhala m'mbali mwa msewu kudikira galimoto ya bungwe lija. Anakhala sabata ziwiri. Zinkadutsa ndi minibasi ndi njinga za matumba a nandolo basi. Sabata yachitatu anakwera okha kupita ku Blantyre.

Zimene anakapeza anandiuza ine ndekha, patapita masiku. Mu ofesimo anawalandira mwaulemu mtsikana wina, anawapatsa mpando ndi tiyi. Anawerenga makalata atatu aja n'kuvomera kuti ndi awodi.

"Agogo, ife ntchito yathu ndi kudzudzula, ndipo tadzudzula kufika pomaliza. Zotsalazo mukadandaule ku bwalo la kwanu."

"Nanga amene akamuchotse m'mundamo ndani?"

Mtsikanayo anawayang'ana, kenako anawapatsa kalendala ya bungwelo kuti akapachike kunyumba.

Ku bwalo tinapita mu 2000, kumene tikanayenera kupita poyamba pomwe, mbewu zathu zili m'nthaka. Akuluakulu oweruza anafunsa mafunso awiri. Loyamba, ndani walima mundawu zaka zinayi zapitazi. Lachiwiri anandifunsa ine, kuti pamene zikhomo zinkakhomedwa, mwini mbumba ndinachita chiyani. Ndinanena zoona, kuti ndinabweza anthu. A Kaliati anatulutsa makalata aja n'kuyamba kufotokoza kusiyana kwa liwu loyamba ndi lachitatu. Anawalola kuti amalize.

"Tamva kuti a ku Blantyre sanakondwe," anatero mkulu wina. "Koma kuno munthu akamalima zaka zinayi eni ake akungoona, timati eni akewo ankadziwa kuti si wawo."

Belita anamupatsa mizere khumi ya kumapeto, cha ku mfuleni kumene madzi amakokolola chaka chilichonse. Kwina konse kunapita kwa a Goodman.

Ndinafunsapo mphunzitsi wina wa ku sekondale za mawu atatu aja, ndipo anati alamu anga sanalakwitse, amasiyanadi kulemera monga mmene ankanenera. Chimene sanaone n'chakuti ku esiteti wolemba kalata anali yemweyo mwini nyumba ndi mwini thirakitala. A ku Blantyre anali ndi mawu okhaokha. Inenso sindinaone, ndipo mlandu wanga ndi waukulu kuposa wawo, chifukwa ine mwambo wa munda ndinkaudziwa.

Kuchokera tsiku la bwalo a Kaliati analeka kuwerengera anthu makalata. Wobwera ndi envelopu ankamuuza kuti maso awo afooka. Anadwala chifuwa m'chaka cha njala cha 2002, ndipo anamwalira mu Juni chaka chotsatira.

Belita ali moyo. Mizere khumi ija simufikitsa ngakhale mu Ogasiti. Nthawi yopalira ikafika amanyamula khasu kukagwira ganyu kwa a Goodman, m'munda wake womwe uja, ndipo amamulipira ndi mbale ya chimanga. Kapitawo wa kumeneko amakonda kumupatsa ndime ya pafupi ndi chulu, chifukwa ndi Belita yekha amene amadziwa mmene madzi amayendera pamenepo.