Feteleza wa Ana Anga

Banja langa linatha chaka chomwe tinkavotera zipani zambiri. Bambo a ana anga anali mkamwini kwathu ku Mitundu, ndipo atachoka anakakwatira ku Nathenje. Ankhoswe atakhala pansi anagwirizana kuti azisamala ana ake atatu pobweretsa feteleza dzinja lililonse, osati ndalama, poti ndalama m'thumba mwake sizinkagona. Fetelezayo ankamutula kwa achimwene anga, eni mbumba, ankhoswe ake akuona.

Dzinja lachiwiri anachedwa. Chimanga chinayamba kuchita chikasu, ine mtima uli m'mwamba. Tsiku limene matumba awiri anafika pakhomo panga, ndisanamasule n'komwe, panatulukira bambo wina wakatapila ali pangolo ya ng'ombe. Kani bambo a ana anga anakongola kwa iyeyu ndalama zolimira fodya, fodyayo n'kuwonongeka ndi matalala.

"Mayi, amuna anu andizemba mokwanira," anatero. "Matumbawa ndikutenga."

Ndinalira, sindibisa. Popanda fetelezayo ana anga akanadya gaga chaka chonse. Ndinakhala pathumba limodzi, mng'ono wanga pa linalo, tikukuwira achimwene omwe anali kudimba.

Anabwera pang'onopang'ono, matope ali m'miyendo. Anapereka moni, n'kufunsanso za kunyumba kwa mlendoyo, mpaka ine kupsa mtima.

"Bambo, munakongoza ndani?" anafunsa achimwene.

"Alamu anu."

"Anali alamu. Pamudzi pano anangobwera kudzakwatira, alibe munda, alibe nkhokwe. Fetelezayu wadutsa m'manja mwanga, ndiye si wawonso, ndi wa ana a mbumba yanga. Kapena anawa ndi amene anakukongolani?"

Wakatapila uja anaopseza kuti akaitana apolisi. Achimwene anati ayi palibe vuto, apitire limodzi, akafotokoze okha kuti akufuna kulanda chisamaliro cha ana. Apa n'kuti amayi a m'mudzi atazungulira ngolo, aliyense akuyankhula zake. Munthu uja anatukwana ng'ombe zake, n'kutembenuza ngolo.

Mtima unakhala pansi. Ndinkangoseka, misozi ili mbwembwembwe. Tinathira fetelezayo tsiku lomwelo, banja lonse, kuopa kuti munthu angasinthe maganizo.

Pambuyo pake tinamva kuti ngolo ija inakafika ku Nathenje, n'kukanyamula njinga ya amene anali amuna angawo. Chisoni ndinalibe. Dzinja lotsatira bambo a ana anga anatulukira pakhomo thukuta lili kamukamu, thumba la feteleza atasenza pamutu.