Chitenje Chofiira Kuseri kwa Waya

Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Malichi, nthawi ija ya chipani chimodzi. Ndinali nditangokhala pa tebulo langa ku Capital Hill, kumene ndinali kalaliki, pamene mesenjala anandinong'oneza kuti, "Akukufunani panja." Sanandiyang'ane kumaso. Jekete ndinaisiya pa mpando poganiza kuti sindichedwa.

Panja panali amuna awiri ndi galimoto. Mlandu wanga ndinaumva masana ake m'kachipinda kena m'tauni. Lamulungu lapitalo, ine monga mkulu wa mpingo ndinapemphera mokweza m'tchalitchi chathu ku Old Town kuti Mulungu akumbukire amene ali m'ndende popanda mlandu. Pempherolo ndinalitumiza kumwamba, koma linayamba lafika kwina.

"Anthu opanda mlanduwo munawaonapo ndi maso anu?" anafunsa wamkulu wawo.

"Ayi, bwana."

"Ndiye tikuthandizani. Mukawaona."

Zimene zinachitika kuyambira pamenepo mpaka madzulo sindizilemba. Dzino langa lina linatsala komweko.

Pachipata cha ndende anandilanda lamba, zingwe za nsapato ndi magalasi. Za lamba sindinadandaule. Koma ine popanda magalasi, munthu akaima kutsidya kwa msewu amangokhala chithunzithunzi. Nditapempha, msilikali anati, "Muno mulibe choti muone, madala," n'kuwaponya m'kabati.

Kunyumba ndinasiya akazi anga ali oyembekezera, masiku atayandikira. Mtima wanga unali pamenepo basi. Ife a milandu ya boma sitinkaloledwa alendo kapena uthenga uliwonse. Kupemphera kunandikanika. Ndikatseka maso kuti ndiyambe, ndinkangomva kununkha kwa ndowa ya pakona. Paguwa ndinkakonda kumunyoza wophunzira uja amene anakana kukhulupirira asanaone zipsera. M'selo muja ndinamumvetsa, anali m'bale wanga.

Loweruka ankatitulutsa kukalima m'dimba la ndende, ndipo kuseri kwa waya kunkadutsa msewu. Azimayi anapeza nzeru. Ankaima m'mbali mwa msewuwo ngati akudikira basi, osakodola, osaitana. Amuna awo ankawerama ndi makasu, maso ali uko. Ine ndinkangoona mitengo ndi anthu zitasakanikirana.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira, ndinaona chinthu chofiira chitaima pachokha. Khasu linandipulumuka. Chitenje chimenecho ndinawagulira ndine akazi anga mumsika wa ku Old Town, ndipo ankandiseka nacho kuti ndinachisankha dala chifukwa ndi mtundu wokhawo umene ndingauone patali.

Pambali panga pankalima mphunzitsi wina wa m'selo mwathu.

"Aphunzitsi, ndibwerekeni maso. Wa zofiirayo."

"Mayi wamtali, woderako. Wabereka khanda."

"Akumwetulira?"

"Ayi. Akungokuyang'anani."

Tsiku limenelo ndinapemphera koyamba chilowereni. Sindinapemphe kanthu, ndinangothokoza. Ali moyo, mwana ali moyo, ndiye kuti Mulungu sanandifulatire. Kuchokera apo chofiira chija sichinajombe, ngakhale mvula itayamba. Sabata yonse ndinkakhalira Loweruka. Nyemba zofumbwa ndinkadya osanyinyirika. Pamene matenda a m'mimba anatenga anzathu ena, ine ndinadzikoka kupita kudimba kuti asandipeze palibe. Ndinayamba ngakhale kulimbikitsa anzanga. Ndinkawauza kuti mtima uli ngati mbuzi, umapita kumene chingwe cha diso chakokera, choncho tisamale chimene tikuyang'ana. Ndinkalankhula ngati wodziwa.

Chaka chotsatira, m'mwezi wa Okutobala, anandiitana ku ofesi. Kukhoti sindinapondeko. Wamkulu wa ndende anangoti, "Kazipitani. Muzipempherera mvula." Lamba sanapezeke. Magalasi anandibwezera, mbali imodzi atang'aluka.

Linali Loweruka. Ndinatuluka pachipata n'kuzungulira kumsewu kuja. Chitenje chinalipo, chitayamba kusuluka. Kamtsikana kanaima pambali katagwira m'mphepete mwake. Nditayandikira ndinaona nkhope bwinobwino, ndipo sinali ya akazi anga. Anali mng'ono wawo, mlamu wanga, amene ankafanana nawo msinkhu ndi khungu.

Atandizindikira anagwada pansi pomwepo, pafumbi.

"Alamu, akulu anu ali kuti?"

"Anatisiya, alamu. Mwanayu asanatuluke n'komwe m'chikuta."

Ndinawerenga mumtima. Ndiye kuti anamwalira Juni uja asanafike.

"Nanga chitenjechi?"

"Anandipatsa okha kuchipatala. Anati, 'Uzikaima kumeneko Loweruka lililonse, uzikamubereka mwanayu. Abambo akewa saona patali. Akadziwa, satulukamo amoyo.'"

Basi imene azimayi ankanamizira kudikira ija inafika n'kuima. Sitinakwere. Ndinakhala pansi m'mbali mwa ngalande n'kulira ngati mwana, asilikali akuonerera pa waya.

Lero ndine nkhalamba. Ndikukhala ku Area 43 kwa kamtsikana kaja, kamene tsopano ndi mayi wa ana ake. Pemphero limene linandimangitsa, masiku ano amalipemphera pa wailesi, ndipo palibe amene amacheuka n'komwe. Ufulu umenewo ndimauyamikira. Koma ufulu wanga ine unayamba ndi kuona bwino, ndipo choyamba chimene ndinaona chinali maliro.

Mlamu wanga sindinamukwiyirepo. Kwathu wodwala timamubisira maliro mpaka atachira, ndipo ine ndinali wodwala. Diso linanama, koma mtima sunalakwitse munthu. Amene ndinkamukonda kuseri kwa waya uja anali yemweyo amene anakonza zonsezi ali pa bedi lomaliza.

Chimene chimandiwawabe ndi china. Loweruka lililonse ndinkagwada pa simenti n'kuthokoza Mulungu kuti akazi anga ali moyo, ndipo Iye ankamva, osandiuza kanthu. Ena amati chinali chifundo chake. Mwina. Kutchalitchi ndimapitabe, ndipo ndimamukondabe ngakhale sindinamuonepo. Koma nkhaniyi sinathe pakati pa Iye ndi ine. Ndidzamufunsa tsiku limene tidzaonane maso ndi maso.