Maliro a Zithunzi

Mlongo wanga analowa m'bwato ndi anzake Loweruka lina m'mawa, kumunsi kwa mlatho wa njanji. Madzulo anzakewo anabwerako okha, ali chinyowere, akulephera kuyang'ana amayi kumaso. Mtsinje wa Kafue sunatibwezere kanthu, ngakhale nsapato. Amayi anakana maliro. Anati munthu salira chimene sanachione, ndipo aliyense wobwera kudzapepesa ankamuchezetsa za kukwera mtengo kwa tomato mpaka achite manyazi n'kunyamuka. Ine zinkandipweteka, komanso zinkandikwiyitsa. Ndinkafuna kulira mokweza ngati anthu ena, koma m'nyumba mwathu ku Nangongwe munalibe polirira.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Kenaka m'nyengo yotentha ija, pamene mapiri ozungulira tauni amayandama mu utsi, kunabwera lole ya myuziyamu ina ya kum'mwera. Inanyamula zojambula za amisiri a masiku ano, ndipo inkayenda nazo tauni ndi tauni. Anazitsitsira mu holo imene achinyamata a mpingo wa Pentekosite amapemphereramo, ndipo pofuna kuti anthu aziyenda momasuka, anatulutsa mipando yonse n'kuiunjika panja pansi pa mtengo wa mango.

Alendowo sankadziwa kuti kwathu kuno mipando ikatuluka panja ndiye kuti pagwa zovuta. Azimayi ochokera kumsika ataona muluwo, n'kuonanso anthu akulowa mwakachetechete manja ali kumbuyo, anamanga zitenje zawo bwinobwino n'kukhotera komweko. Ine ndi amayi tinali m'gulu lomwelo, ndipo iwo, amene maliro a eni ake sankawaphonya, anandikoka dzanja.

"Tiye tikaonekeko chabe," anatero. "Maliro n'kulirana."

Ndinawatsatira.

Tinalowa mowerama n'kukhala pansi motsamira khoma, miyendo titatambasula. Mayi wina wogulitsa tinsomba ta kapenta anali atayamba kale kukoka mawu a kulira pamene mtsikana wa kumyuziyamu anafika ndi kumwetulira kwake.

"Nindani watisiya, mwanangu?" anafunsa mayiyo.

"Palibe wamene wafa, ba mayo. Ni mapikicha chabe. Nyamukani muyendeko, muone."

Kuseka kwake! Azimayi anatuluka akugundana mapewa, wina akuti, "Manje ise tamangira vitenge mapikicha?" Ndinaseka nawo, ndipo ndinkati ndidzuke, koma amayi sanasunthe.

Moyang'anana nafe panali chojambula chachikulu kuposa chitseko. Munalibe gombe, munalibe bwato, madzi okhaokha obiriwira amene ankada ukamatsika nawo maso. Mmisiriyo anamatamo zidutswa za ukonde weniweni ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo dzuwa lolowera pazenera likazikhudza zinkaphethira. Oimirira ankaona madzi basi n'kupitirira. Koma ife okhala pansi tinali pamsinkhu wa mchenga wa kunsi kwake, ndipo pamenepo panali chinachake chakuda, chopindika. Mwina chinali chithunzithunzi cha udzu wa m'madzi. Mwina anali munthu wogona chammbali, mkono atautsamira.

Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yotalika bwanji. Phokoso la maminibasi linapita kutali. Ndinkamva ngati holo yonse yadzaza madzi ozizira, ndipo anthu akuyendamo pang'onopang'ono, zovala zawo zikuyandama. Sindinachite mantha. Kunali phee, kwabwino, koti munthu n'kugonadi.

Amayi anakwawa ndi mawondo mpaka pafupi. Mtsikana uja anatsegula pakamwa kuti awaletse kugwira, koma amayi sanagwire. Anangopendeketsa mutu monga ankachitira posuzumira mwana m'chipinda.

"Wagona bwino," ananong'ona. "Ona, sanavutike."

Atatero anatulutsa kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, kochokera pansi pamimba. Azimayi aja anali asanafike patali. Kulira kwenikweni amakudziwa, ndipo anabwerera mmodzimmodzi, osasekanso, n'kukhala pansi motizungulira. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, ena n'kuilandira. Mtsikana wa kumyuziyamu anaima kanthawi atagwira mapepala ake, kenaka anavula nsapato n'kudzakhala nafe.

Lole ija inapita nacho chojambulacho kutauni ina, ndipo sindinachionenso. Amene anachijambula sindimudziwa, ndipo ndikukayika ngati ankaganizako za munthu aliyense womira. Chimene ndimakumbukira n'chakuti nyimbo itatha, mayi wa kapenta uja anasendera pafupi n'kugwira amayi paphewa.

"Nanga nindani, amake?"

Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ni mwana wanga," anayankha. "Malemu mwana wanga."

Nditamva mawu akuti malemu akutuluka pakamwa pawo, ndinaika mutu pamiyendo yawo n'kulira mlongo wanga mokweza.